Bai Dicho, Munthu Wopaka Phiri Laimu

Kwathu ku Tumbevo mbuzi ikafa, woyamba kufika pakhomo sankakhala m'bale wako kapena dokotala wa ziweto. Ankakhala bai Dicho (kwathu "bai" ndi mawu aulemu otchulira bambo wachikulire), chipewa chili m'manja, bulu wawo ali pambuyo atamumangirira kale ngolo. Ankayamba ndi kupepesa bwinobwino ngati pamaliro a munthu, kenako n'kufunsa chimene abwerera: "Ndiye mwaganiza zotani nayo?"

Anthu ankati a Dicho amanunkhiza imfa chiweto chisanayambe n'kutsokomola komwe. Mayi wina anawapeza atatsamira mpanda wake akuyang'anitsitsa ng'ombe.

"Ng'ombeyi ili bwinobwino, bai Dicho. Mukuiyang'ana chiyani?"

"Ndikungoilonjera."

Anawathamangitsa ndi tsache. Ng'ombeyo inafa Lachinayi, ndipo Lachisanu m'mawa inali pangolo.

Nyama zakufazo sankadya iwo ayi. Ankakwera nazo pamwamba pa Thanthwe Lalitali, lija limayang'anizana ndi mudzi wathu n'kumalandira dzuwa la m'mawa, ati kukadyetsa miimba. Vuto linali limodzi basi. Ku Tumbevo kunalibe muimba ngakhale umodzi, ndipo panali patapita zaka makumi anayi chiuonereni womaliza. Amene ankanenepa anali akhwangwala, nkhandwe ndi agalu osowa eni ake. Akhwangwala akwathu anafika poti akadya ankabwerera kwawo wapansi.

Zimenezo n'zimene mudzi unkaseka. Koma akazi awo, a Kera, sankaseka, chifukwa iwo nkhani yawo inali ya laimu.

Pasaka akayandikira, nyumba iliyonse kwathu imapakidwa laimu, makoma, mpanda, ngakhale mitengo ya maapozi kulekeza m'chiuno. Mkazi amene Pasaka wamupeza nyumba ili yotuwa amalowa m'tchalitchi atazolika. A Kera ankagula laimu chaka chilichonse, n'kumusungunula m'ndowa, n'kuika ndowayo pakhonde kuti mawa ayambe ntchito. Kukacha ankapeza pakhonde pali chizindikiro chozungulira cha ndowa, ndowayo palibe. Akatukula maso ankaona kanthu kakuda kakulendewera pachingwe pakati pa thanthwe, kakupaka mizere yoyera pansi pa mapanga.

"Laimu wanga ali kuti?" ankafunsa madzulo, ngakhale ankamuona ali mbuu pandevu za amuna awo.

"Ndabwereka."

"Mwabwereka? Phiri limabweza?"

"Tamvera, Kera. Muimba sutera pamalo pomwe palibe unzake. Ukamadutsa m'mwambamo kuchokera kudziko la Girisi umayang'ana zitosi. Ukaona thanthwe layera umati, pano pali anzanga, pali chakudya. Ukaona lakuda umadutsa."

"Ndiye laimu wanga mukupakira phiri zitosi zabodza."

"Zabodza, koma zooneka bwino. Tayang'ana cha kumanzereko, ngati zenizeni."

A Kera anayesa kumubisa laimuyo kunsi kwa bedi. Anayesa kwa mchemwali wawo. Chaka china anamubisa m'tchalitchi momwe, kuseri kwa makandulo, ndipo chaka chimenecho a Dicho anapita kukapemphera koyamba chikwatirireni. Kwa zaka makumi anayi nyumba ya a Kera inali yokhayo yotuwa mumsewu wonse, ndipo akazi anzawo ankawafunsa ndi mawu otsekemera aja, "Kera, chaka chino zitosi zayera bwanji kuphiriku, mwagwiritsa laimu wa kuti?"

Mungafunse kuti bwanji sanawasiye mwamuna wotero. A Kera ankadziwa chimene osekawo anasankha kuiwala, ndipo ine ndikuuzani chifukwa chimandipsetsa mtima mpaka lero.

Kale, nthawi ya famu ya boma, mimbulu inavuta kugwira nkhosa. Amuna onse a m'mudzi anasonkhana n'kugwirizana chimodzi, kuti athire poizoni. Bambo ake a Zlatan, Zlatan yemweyu amene pano ndi meya wathu, anapereka hatchi yawo yokalamba. Poizoniyo anabwera kuchokera kuboma. Panangofunika munthu wamphamvu woti akokere hatchiyo pamwamba pa thanthwe n'kuithira mankhwalawo, ndipo anasankha Dicho, amene n'kuti atangokwatira kumene. Anamuwombera m'manja, anamugulira rakiya, kachasu wakwathu. Patapita masiku awiri anakweranso kukawerenga mimbulu yakufa. Sanapeze mmbulu ngakhale umodzi. Anapeza miimba khumi ndi isanu ndi inayi ili ngundangunda, ina ikukupizabe mapiko pansi. Inali yonse imene thanthwe lathu linali nayo. Anaikwirira yekha, chifukwa owomba m'manja aja palibe amene anakwera kukamuthandiza. Atafika kunyumba anakhala masiku atatu osadya, ndipo tsiku lachinayi anangoti, "Kera, ine sindifa mpaka nditaona umodzi wokha utatera pathanthwe paja."

Ndiye ana a amuna aja ndi amene ankakhala pabala n'kumakuwa a Dicho akamadutsa ndi ngolo, "Bai Dicho, alendo anu afika lero? Tiwayalire mphasa?" Anthu opanda manyazi.

Komatu a Dicho nawo ankawapatsa anthu poyambira. Chaka china anaganiza kuti mwina miimba imaona nyama yokhayokha n'kukayikira kuti ndi msampha. Anavula malaya, n'kudzipaka magazi a mbuzi, n'kugona chagada pathanthwe, mikono ili tambasu. Wansembe wathu, bambo Serafim, akuchokera kukafuna bowa, anawapeza ali choncho ntchentche zili ng'waa. Anagwada n'kuyamba pemphero la akufa. Ali pakati, mtembo unatsegula diso limodzi.

"Bambo, mkanjo wanu wakudawo ukuiopseza. Kapempherereni kuseri kwa mtengo uko."

Bambo Serafim anafika m'mudzi alibe dengu, alibe nsapato imodzi, ndipo bowa sanamudyenso.

Kenako kunabwera lamulo loti chiweto chikafa chizitengedwa ndi lole kukatenthedwa kutawuni, osati kutayidwa kutchire. Dokotala wa ziweto wa m'boma lathu, mnyamata wa taye, analumbira kuti awagwira a Dicho. Tsiku lina masana anawaimitsa pamlatho. Pangolo, pambali pawo, panali patakhala munthu wovala chikhoti chobiriwira ndi duku lomanga mpaka kumaso, mutu atautsamiritsa paphewa lawo.

"Bai Dicho, mwanyamula chiyani?"

"Chonde, musakweze mawu. Ndi mayi akunyumba, sakupeza bwino. Ndikuwapititsa kumtunda akapitidwe mphepo."

Dokotalayo anayandikira, n'kubwerera m'mbuyo atagwira mphuno, n'kunena kuti pitani msanga. Lamlungu anakumana ndi a Kera pakhomo la tchalitchi ndipo anawagwira dzanja mwachifundo anthu onse akuona. "Mayi Kera, mwachira? Ndinene zoona, mmene munkamvekera tsiku lija sindinkayembekezera kuti mufika lero." A Kera anabwerera kunyumba osalowa n'komwe m'tchalitchi, n'kutsegula kabati. Chikhoti chawo chobiriwira cha paukwati chinali chitapachikidwa pamalo pake, chili ndi ubweya wa tonde m'khosi. Sabata imeneyo a Dicho anagona ndi bulu.

Zinthu zinasintha pamene kunabwera akatswiri a zinyama ochokera kumzinda waukulu. Ananena kuti kumapiri ena anthu ayamba kubwezeretsa miimba, ndipo akufuna kuyesa kwathu ndi mbalame khumi ndi ziwiri zochokera ku Spain. Mtsogoleri wawo anali mtsikana wotchedwa Ralitsa. Atangotsika galimoto anayang'ana thanthwe lija, n'kuika dzanja pachifuwa.

"Anandiuza kuti kuno miimba inatha. Nanga zitosi zonsezo n'za chiyani?"

Pabala panaphulika chikhakhali. Wina anati, "N'za bai Dicho, mayi."

Ralitsa sanaseke. Anapita kunyumba yotuwa ija n'kufunsa a Dicho kuti anawerenga buku liti, popeza kumayiko ena akatswiri amachita zomwezo pofuna kukopa miimba.

"Buku?" anatero a Dicho. "Mwana wanga, ine ndimangokumbukira pamene pankayera."

A Kera anamupatsa mtsikanayo chambiko m'kapu ya alendo. Kanali koyamba m'zaka zonsezo kuti munthu alankhule za laimu uja m'nyumba mwawo osaseka, ndipo iwo sanadziwe kuti akwiyire ndani.

Ralitsa anafuna kuti chikhola cha mbalamezo chimangidwe pamwamba pa Thanthwe Lalitali. A meya Zlatan anakana. Anati kumeneko galimoto za alendo olemekezeka sizingafike, ndipo malo ndi a mudzi, amene amalamula ndi iwo. Chikholacho anachimanga m'mbali mwa msewu, kumthunzi kwa phiri, pamodzi ndi nsanja ya matabwa opaka vanishi yoti miimbayo izikateramo anthu akamajambula. A Dicho anawauza kuti muimba umadikira dzuwa litenthetse mwala kuti mpweya wofunda uunyamule, ndipo kumthunziko ngakhale nkhuku singadumphe. A Zlatan anawasisita paphewa. "Bai Dicho, inu zanu ndi zitosi. Izi tisiyireni ophunzira."

Mbalamezo zitafika, a Dicho anaima pawaya tsiku lonse akuziyang'ana. Madzulo a Kera anati, "Eya, mwaiona miimba yanu. Chaka chino laimu ndi wanga."

"Ndinati pathanthwe, Kera. Sindinati m'khola."

Ralitsa anafotokoza kuti mbalamezo ziyenera kukhala m'kholamo miyezi ingapo kuti zizolowere mapiri athu, apo ayi zithawa. Zimenezo a Dicho anazimvetsa, ndipo anadikira akuzibweretsera nyama tsiku ndi tsiku. Miyezi inakwana masamba asanayoyoke. Ralitsa anati zakonzeka. Koma a Zlatan anali ataitana mkulu wina wa kumzinda kuti adzatsegule chitseko ndi dzanja lake, ndipo mkuluyo anali wotanganidwa. Anasuntha tsiku. Kenako kunali chisankho, anasunthanso. Kenako chikwangwani chinali chisanalembedwe. Kenako chipale chofewa chinagwa, msewu unatsekeka, ndipo anati tidikire nyengo yofunda.

N'kuti a Dicho atayamba kutsokomola. Chipale chisanagwe anali atakwera komaliza ndi ndowa ziwiri, munthu wa zaka zopitirira makumi asanu ndi limodzi akulendewera pachingwe mphepo ikuwomba, ndipo anatsika chifuwa chikulira. Pofika Januwale sankadzukanso. Anapempha kuti bedi alikokere pawindo loyang'ana kuthanthwe.

A Kera, amene anakhala moyo wawo wonse akutukwana miimba, anamanga duku n'kupita ku ofesi ya meya osagogoda.

"Zlatan, katsegule chitseko chija."

"Mayi Kera, khalani pansi kaye. Zinthuzi zili ndi ndondomeko yake."

"Ndondomeko? Chitseko cha waya chili ndi kachitsulo kamodzi. Ndikachitsegule ndekha?"

"Ayi, mayi, pali loko. Mlendo wathu walonjeza kuti mu Epulo abwera ndithu."

"Mwamuna wanga safika Epulo."

"Musatero. Bai Dicho ndi chitsulo, atiika m'manda tonsefe."

"Iwe, ndinakuona uli ndi mamina. Hatchi imene inapha mbalame zija inali ya bambo ako, ndipo iwe unathamanga pambuyo pake ukuimba. Dicho wakhala akupepesa yekha zaka makumi anayi pa mlandu wa mudzi wonse. Akupempha m'mawa umodzi wokha dzuwa litawala. Ukumukaniza chifukwa cha chithunzi?"

A Zlatan anayang'ana mapepala awo n'kunena kuti aona chimene angachite. Sanachite chilichonse. Ralitsa anaimba mafoni mpaka mawu anasasa, koma kiyi anali m'thumba la a meya.

A Dicho anatisiya mu Febuluwale, m'mawa wowala bwino. Mawu awo omaliza sanali a chikondi kapena a pemphero. Anati, "Ndinapaka wokhuthala, Kera, apirira chipale. Ndowa yako ili kuseri kwa khola la bulu." A Kera anawayankha kuti ndowa ziwiri, osati imodzi, koma anali akuyankha munthu amene samamvanso.

Mlendo wolemekezeka uja anabweradi mu Epulo, kutatsala masiku atatu kuti Pasaka afike. Kunali gulu la zitoliro, kunali buledi ndi mchere zomulandirira monga mwa mwambo wathu, kunali amuna a pabala aja atavala majekete. A Zlatan analankhula ola lathunthu, ati mudzi wa Tumbevo wakhala ukukonda mbalame zimenezi kuyambira makolo athu. Anavundukula chikwangwani. Panali dzina la mlendoyo, dzina la a Zlatan, dzina la bungwe la akatswiri ndi chithunzi cha muimba. A Kera anawerenga kawiri kuchokera pamwamba mpaka pansi.

Chitseko chinatsegulidwa, miimba osatuluka. Kunali mthunzi ndi kuzizira, ndipo inangoyang'ana mlendoyo ngati ikuyeza kuti watsala ndi masiku angati. Zitoliro zinatopa. Dzuwa litafika pamutu ndi pamene woyamba unadumpha, n'kukupiza movutikira, n'kukwera. Ina inatsatira. Ojambula analoza makamera awo pansanja ya vanishi ija, koma palibe umene unaiyang'ana n'komwe. Inazungulira phiri, n'kudutsa pamwamba pa madenga athu, mithunzi yake ikuyenda mumsewu, n'kulunjika ku Thanthwe Lalitali. Kumeneko inatera umodziumodzi, uliwonse paphanga lake, pamwamba penipeni pa mizere ya laimu.

Ralitsa anakhala pansi m'matope n'kulira. Amuna a pabala aja anaomba m'manja, monga anaombera makolo awo.

A Kera sanalire. Anatembenuka n'kupita kunyumba. Pakhonde panali ndowa ya laimu amene anamusungunula Lolemba, ndipo masiku onsewo ankadzuka n'kuipeza ili pomwepo, osakhudzidwa. Anainyamula pamodzi ndi burashi yaikulu n'kubwerera kumsewu. Anthu anawapatukira. Anaviika burashiyo n'kukoka mzere wokhuthala kuchokera pamwamba pa chikwangwani mpaka pansi, kudutsa padzina la mlendo. Anaviikanso n'kukoka wina padzina la a meya.

"Mayi Kera, mukuchita chiyani?" anafuula a Zlatan.

"Mwaiwala dzina limodzi," anatero a Kera osatembenuka. "Ndikulilemba. Mwamuna wanga ankasaina chonchi."

Sanasiye mpaka ndowa inauma. Palibe amene anawagwira dzanja, ngakhale wapolisi amene anabwera ndi mlendoyo. Pasaka ameneyo nyumba yawo inalinso yotuwa, ndipo palibe mkazi amene anayerekeza kufunsa za zitosi.

Papita zaka zitatu tsopano. Miimba yaswa, ndipo thanthwe ikuliyeretsa yokha, moti simungadziwe pamene panathera burashi ya a Dicho. Alendo amabwera ndi mabasi. Pabala anapachika chithunzi cha a Dicho, ndipo aliyense amene ankawakuwiza amauza alendowo kuti anali mnzake wapamtima. Mbuzi ikafa kumabwera galimoto ya bungwe, anyamata ovala magolovesi amaiponya kumbuyo, n'kupita. Amagwira ntchito yawo bwino, koma palibe amene amavula chipewa kapena kufunsa kuti inali mbuzi yotani.

Nyumba ya a Kera tsopano imayera kuposa zonse mumsewu wathu. Iwo amati akamachokera kumunda amaipitirira, saizindikira. Chaka chilichonse akamaliza kupaka amasiya laimu wokwana theka la ndowa pakhonde, pamalo paja, burashi ili pamwamba. M'mawa amatsegula chitseko n'kuipeza ili pomwepo, ndipo amaitukwana.